Agogo Ake a Hilario

Tamasulani ndagi iyi, inu anzeru: ndani anathira nsembe kwa agogo a miyendo inayi?

Chiyambire m'mawa Hilario ankangowazunguza a Lazaro m'Chiromo: kudoko, kuseri kwa masitolo a amwenye, kubwereranso kudoko. Mchenga ukuotcha mapazi, manda osaoneka. Paja anadzitama kuti agogo ake ndiwo anayambitsa mudzi uno sitima zisanabwere, ndiye a Lazaro, amalume ake a Estere, mtsikana amene Hilario ankafuna kukwatira, anati ukwati kulibe mpaka aone mandawo.

"Mphwanga, dzuwa lafika pamutu. Agona pati akuluwo?"

Pafupi ndi njanji, Hilario anaona mtumbira patsinde pa mgwalangwa. Anagwada msangamsanga, nathira ufa, n'kuyamba kuomba m'manja.

"Agogo, ndabwera ndi alendo."

Mayi wina wokalamba, mtolo wa nkhuni uli pamutu, anaima n'kumuyang'anitsitsa.

"Mwanangu, ndi abale ako amenewa? Apatu omanga njanji anakwirirapo bulu wawo. Ndinalipo ine, anafa ndi kudzimbidwa."

A Lazaro anaseka mpaka kukhala pansi.

"N'chifukwa chake makutuwo! Pepa mphwanga, Estere wathu sangathe kumwetera apongozi udzu."