Nyambo za Mayi Nthenga

Mayi Nthenga ankalongeza ulusi wawo m'chikwama pang'onopang'ono, ngati munthu wodziwa kuti mawa lomwe adzautulutsanso. Amuna awo anali atawauza kuti pofika Loweruka akhale atachoka m'nyumbamo, kukubwera wina. Banja la zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, kuthera pa mawu onenedwa munthu akumanga zingwe za nsapato. Zinawapweteka, tisaname. Koma mantha analibe ngakhale pang'ono.

Dzina la Nthengali anawapatsa ndi anansi, chifukwa nkhuku ikaphedwa paliponse iwo ankafika kudzapempha nthenga za m'khosi, nyama ayi. Amuna awo ankaperekeza alendo a pa loji ya kumtunda kokawedza trauti, nsomba zamawangamawanga za m'madzi ozizira. Nsomba zimenezi alendo amaziwedza ndi kambedza kovekedwa nthenga ndi ulusi kuti kaoneke ngati kachilombo kouluka. Ndiye trauti ndi nsomba yamatama. Imadya kachilombo kokhako kamene kakuswa mumtsinje sabata imeneyo. Ukaiponyera ka mwezi watha imangokuyang'ana, iyo nkumapita.

Pa lojipo bamboyo ankatchedwa Katswiri. Alendo ake sankabwerera chimanjamanja. Koma ukatswiriwo unkachokera m'chipinda chino, patebulo la mwendo wokhazikidwa pa njerwa, pomwe mayi Nthenga anamangirira kachitsulo kopanira mbedza.

M'mawa uliwonse mame asanaume iwo ankapita pa mlatho kukayang'ana maukonde a akangaude. Kangaude sanama. Chimene chauluka pamadzi dzulo madzulo chimapezeka chitakodwa m'menemo. Mvula yoyamba ikagwa ankapezamo tizilombo tofiirira, ta mapiko oimirira ndi timichira titatu. Kukazizira kunkabwera takuda, tating'ono ngati mutu wa machesi, tovuta kumanga mpaka misozi kulengeza. Dzuwa likakula ndiye nyerere zamapiko ndi tiziwala togwera m'madzi. Ankatola kamodzi, kukaika pa mbale yoyera, nkukafanizira ndi nthenga mpaka kakufako ndi komangidwako kusiyana kokha kukhale mbedza. Akamaliza ankandandalika nyambo zimenezi khumi ndi ziwiri m'kabokosi ka amuna awo, zabwino kwambiri kumzere woyamba.

Ku lojiko sanapondeko phazi. Bamboyo ankati bwana safuna akazi a antchito azioneka pamaso pa alendo. Madzulo ankangoponya kabokosiko patebulo nkunena kuti, "Zadya." Mawu amodzi omwewo ankawakwanira mayi Nthenga. Amati sunga khosi, mkanda woyera udzavala. Iwo analisunga khosilo mpaka linapindika, maso nawo nkuyamba kuona nkhungu masana. Magalasi anali achitatu awa.

Ndiye lero wina azilowa m'nyumba muno? Kamtsikana kothira mowa pa loji, ka zikhadabo zazitali zopenta? Zala zimenezo sizingagwire ndi singano yomwe. Mayi Nthenga anaseka okha m'chipindamo.

Chinawalimbitsa mtima koposa ndi chimene anaona m'mawa umenewo. Pakati pa tizilombo takuda tija panali kamodzi kobiriwira, ka mapiko ogona pamsana. Kakaoneka kamodzi kotero, ndiye kuti pakatha masiku atatu mtsinje wonse udzadzaza timeneti, ndipo trauti sidzayang'ananso chakuda. M'kabokosi ka amuna awo munali zakuda zokhazokha. Sabata yamawa kunkabwera gulu lalikulu la alendo. Katswiri adzaima m'madzi tsiku lonse ngati chitsa, bwana akuonerera. Lachitatu silifika asanabwere kudzawagwira mwendo, ndipo iwo adzamusiya agwade kaye mpaka maondo atupe.

Chitseko chinatsegulidwa popanda odi. Bamboyo analowa akutafuna kamtengo ka machesi, nayang'ana chikwama, nayang'ana tebulo.

"Sunamalizebe? Tebulo ili ulisiye. Mnzako akufuna aziikapo kalilole."

"Tebulo mutsale nalo, bambo. Ine ndatenga ulusi ndi maso anga."

"Maso ake ati?"

Mayi Nthenga anali atalumbira kuti achoka osanena kanthu, koma mkwiyo unawaposa mphamvu.

"Omwe akudyetsani zaka zonsezi. Mumayesa dzina la Katswirilo ndi lanu? Simudziwa ndi komwe kuti mtsinje wasintha. Zakuda zija zatha ntchito. Chimene chikubwera ndachiona ine ndekha, ndipo sindikuuzani. Mukamufunse wa zikhadaboyo akumangireni."

Anadikira kuti nkhope ya mwamunayo igwe. Anaidikira nthawi imeneyi zaka zambiri, ndipo mtima unkagunda mokoma.

Bamboyo anachotsa kamtengo kaja pakamwa. Anayamba kuseka, osati mokuwa, koma kuseka kwa munthu amene wamva mwana akunena zachibwana. Anakhala pampando wa mkazi wake, napukuta m'maso ndi chala.

"Iwe, trauti za mumtsinje uja zinatha ndisanakukwatire. Zimene alendo amagwira timaweta m'thanki kuseri kwa loji. Timazimana chakudya masiku atatu, nkuzithira m'madzi m'mawa alendo akumwa tiyi. Zimadya chilichonse, ngakhale chotsalira cha ndudu."

Mayi Nthenga anagwira m'mphepete mwa tebulo. Mawu anatuluka aang'ono.

"Nanga munkandisiyiranji ndizimanga?"

"Unkakhala phee m'chipinda muno, osandifunsa komwe ndaswera."