Telala Amene Ankati "M'buku Sizili Choncho"

Panali munthu wina wachikulire, telala, amene shopu yake inayang'anizana ndi kachipinda kometera tsitsi. Amene anafotokoza nkhaniyi akuti analipo tsikulo, anaona ndi maso ake.

Pa TV pankaonetsedwa sewero la wofufuza milandu, lotengedwa m'mabuku akalekale aja. Loweruka lililonse masana amuna ankadzaza mometeramo, ena mitu ili mbee, akungofuna sewerolo ndi mkangano wobwera pambuyo pake. Wina ankati wofufuzayo ndi wonenepa, sangagwire ngakhale nkhuku. Wina ankati nkhaniyo akuikoka dala ngati labala. Koma mawu omaliza ankakhala a telala. Ankangokweza chala n'kunena kuti, "M'buku sizili choncho," onse n'kukhala chete kumvetsera. Mpaka anawapatsa dzina loti a M'buku. Akazi awo anali atamwalira, makasitomala ankachepa, ndipo ulemu umene unawatsalira unali womwewo. Ankaukonda kwambiri.

Chimene anthu sankadziwa n'chakuti a telala sankatha kuwerenga. Manambala a pa tepi yoyezera ankawadziwa, koma zilembo ayi. Mabuku onsewo anawawerengera ndi malemu akazi awo, iwo akusokerera mabatani.

Tsiku lina akumetedwa, muli awiriwiri, anamuululira chinsinsichi wometayo, mnzawo wakalekale. Atauza mwana wawo wamkazi zimene anachita, iye anagwira pakamwa.

"Ababa, munthu amene amalongolola tsiku lonse pamitu ya anthu, mwamuuziranji zimenezo?"

"Ameneyu ndi m'bale wanga, sangandichite chipongwe," anayankha a telala.

Linafika Loweruka la gawo lomaliza. Zinapezeka kuti amene anapha mkulu wolemera wa m'sewerolo ndi mwana wake womubereka yekha. Anthu anaomba m'manja. A telala anaimirira, chala m'mwamba.

"Aiwononga nkhani anthu awa. M'buku anapha ndi dalaivala. Mwanayo anangomunamizira, ndipo pomaliza amabwerera kwawo, mayi ake n'kumulandira pakhomo."

Wometa uja sewerolo ankalikonda, ndipo anali atatopa kugonja sabata ndi sabata m'chipinda chake chomwe. Bukulo anali ataligula kwa ogulitsa mabuku akale n'kulibisa. Anatsegula dirowa ya zipeso n'kulitulutsa.

"Madala, bukulo ndi ili. Tatiwerengerani tsamba lomaliza, timve tonse."

A telala anamuyang'ana mnzawoyo, maso akupempha. Iye anayang'ana kumbali.

"Magalasi ndaiwala kushopu," anatero motsitsa mawu.

"Ali pamphuno panupo."

Anthu anaseka. Apa wometayo akanalekeza, chifukwa mnzako akapsa ndevu umamuzimira. Koma kuseka kwa anthu kunamutsekemera.

"Asiyeni a M'buku," anatero. "Sadziwa kuwerenga awa, anandiuza okha. Ankawawerengera ndi malemu."

Kenako anapereka bukulo kwa mphunzitsi wina amene ankadikira kumetedwa. Mphunzitsiyo anawerenga mokweza. Wakupha anali mwana yemweyo. Za dalaivala munalibe, za kubwerera kwawo munalibe. Opanga sewero sanasinthe kalikonse.

Panalibenso woseka. A telala anatola chipewa chawo n'kutuluka. Manyazi anali nawo, koma chimene chinkawawawa kwambiri chinali china. Mawu a akazi awo ankawakumbukira bwinobwino. Anamva ndi makutu awo kuti mwanayo anabwerera.

Kunyumba anapeza mwana wawo akusita zovala, ndipo anamufotokozera zonse. Iye anaimika simbi n'kukhala pansi.

"Ababa, bukulo amayi anakuwerengerani chaka chimene achimwene anakuberani mashini osokera n'kuthawa. Simunkadya, simunkalankhula. Atafika pa tsamba limenelo anandiyang'ana ine, kenako n'kupeka mathero awoawo. Anati mtima wanu sungapirire kumva za mwana wopha bambo ake."

"Ndiye iwenso unkadziwa?"

"Anandiletsa kunena."

A telala anayang'ana mabuku ena amene anali pa shelefu. "Nanga enawo?"

"Sindikudziwa, ababa. Ena ankawerenga ine ndili kusukulu."

Lolemba m'mawa wometa uja anawoloka msewu, akumwetulira ngati palibe chachitika.

"Madala, kunali kucheza chabe. Mwakwiya zenizeni?"

A telala sanasiye kusoka. "Zoti sindidziwa kuwerenga n'zoona, ndipo manyazi amenewo ndikanawapirira," anatero. "Koma mwana wanga uja mpaka lero sanabwere, sindidziwa ngati ali moyo. Zaka zonsezi ndinkadzitonthoza kuti mwina zidzatha ngati m'buku muja, tsiku lina adzaima pakhomo. Iwe wandilanda zimenezo kuti anthu aseke tsiku limodzi. Tuluka, ndili ndi ntchito."

Wometayo anabwerera manja ali m'thumba. Loweruka lotsatira kunayamba sewero latsopano, koma anthu anabwera ochepa, ndipo amene ankakhala pampando wometera ankangoyankha kuti "eya" ndi "ayi". A telala sanawolokenso msewu umenewo.

Phunziro: Usaulule chinsinsi chako kwa munthu chifukwa choti mumaseka limodzi, ndipo ana ako akakuchenjeza, mvera. Nawenso amene mnzako wakusungitsa chinsinsi, usachigulitse kuti upambane mkangano, chifukwa sudziwa kuti pansi pake pagona chiyani. Tumizirani abale ndi anzanu nkhaniyi, makamaka aja osafuna kugonja pokambirana.