Muyeso Womaliza wa Maginito

"Mpweya woziziritsa makina ukutha. Muyeso womaliza ndi uno," anatero woyang'anira labu.

Wophunzira amene ankagwiritsa ntchito makinawo anayang'anitsitsa pakompyuta. Digiri yake inadalira kamwala kamodzi kamene ankakayesa m'makinamo. Mzere wa pakompyuta ukawongoka, ndiye kuti mphamvu ya maginito imakhazikika pa maatomu, monga iye analembera. Ukapindika, mphamvuyo imayendayenda, ndipo ntchito yonse yalowa m'madzi. Chiyambire, unkangopindika.

"Chonde, lero lokha," ananong'ona wophunzirayo.

Mzere unawongoka.

"Aphunzitsi, bwerani mudzaone," anatero pafoni akulira.

Atapisa m'thumba kuti atenge kansalu kopukutira misozi, anakhudza kamwala kake, kali chikulungire m'pepala. M'makinamo munali kachitsulo kamene woyang'anira uja amayesera ngati makina ali bwino.

Chitseko chinatseguka. Aphunzitsi analowa akumwetulira, atatambasula kale dzanja kuti amuyamikire.