Manda Ofika M'mawondo

Chibwerereni pangano lochotsa zida, chitsulo chilichonse chakuthwa chimagona kunyumba yosungira ya boma. Khasu umakabwereka m'mawa n'kulibweza dzuwa lisanalowe. Nangondo anazolowera. Nkhwani ankadula ndi zikhadabo, nkhuku ankangoipotola khosi, ndipo ndevu za mwamuna wake Filimoni zinangokula osametedwa.

Kenako malungo anatenga Tiyese, mwana wawo mmodzi yekhayo. Filimoni anapita kukabwereka makasu a adzukulu, koma anapeza chitseko chotseka.

"Akuluakulu a mayiko asemphana mawu kuzokambirana, bambo," anatero mlonda. "Chitsulo sichituluka mpaka agwirizane."

"Nanga iwowo mizinga yawo anapereka?"

"Imeneyo ndiye akukambiranayo."

Adzukulu anakumba ndi mapale ndi timitengo tonolera pamwala. Nthaka ya chilimwe inali gwa! Dzuwa litapendeka, mkulu wawo anafika pasiwa manja ali matuza okhaokha, n'kunjuta.

"Pepani, dzenje langofika m'mawondo. Tikaika chonchi, afisi afukula."

Mumlengalenga munadutsa ndege yankhondo, amayi n'kuleka nyimbo mpaka phokoso litatha.

Nangondo anadzuka. Analowa m'khitchini, nazula mafuwa ake mmodzimmodzi, akali ndi phulusa, n'kuwakunkhuniza mpaka pamapazi a mdzukuluyo.

"Mukasanjike pamwamba pake. Mphero ilinso kuseriko, katengeni."

Filimoni anamugwira mkono. "Mayi a Tiyese, nanga mawa muphikira pati?"

Nangondo anapukutira phulusa pachitenje.

"Ndiphikira ndani?"