Tepi ya a Telala

Nambala 83 anali atangokwera pa siteji pamene chitseko cha holo chinatseguka mwamphamvu. Analowa bambo ake, a Telala, tepi ili m'khosi, chala chakumanzere chitamangidwa kansanza. Zinachita kuonekeratu kuti makina awasiya akadali otentha.

Silinali tsiku loti kholo lilowerere. Ofuna kuphunzira zisudzo pa yunivesitiyo anali oposa mazana awiri, malo anali khumi ndi awiri okha, ndipo aliyense ankapatsidwa mphindi zisanu basi zoonetsera luso lake. Mtsikanayu anadikira mphindi zimenezi chaka chathunthu, akuwauza akunyumba kuti akufunsira za unamwino. Koma m'mawa umenewo kalata yomuitana inatsala pamakina osokera a bambo ake, pansi pa sizasi penipeni. Malo oiwalapo kalata ndi ambiri m'nyumba, koma pamenepo ayi.

"Wamkulu ndani pano?" anafunsa a Telala.

Patebulo panakhala oyesa atatu. Mayi wamagalasi amene anali pakati anakweza cholembera. Mlonda sanamuitane. Anangoweramira mapepala ake, anzake awiri aja nawonso maso pamapepala, monga achitira anthu ophunzira akamachita manyazi m'malo mwa mnzawo.

"Mayi, mwana uyu musamutenge, ndakupemphani. Ndamulera ndi singano ine, maso awa anathera m'mabatani, kuti adzavale yunifolomu yoyera. Ndiye lero akaphunzire kugwa pansi n'kumanamizira kufa? Zaka zinayi? Kunamako amatha kale, kafunseni mayi ake."

Woyesa wina wandevu anatsokomola. Onse atatu anatembenuza tsamba.

Mtsikana uja anali atasunthira m'mbali, pafupi ndi katani. Mutu unali pansi, milomo ikuyenda ngati akupemphera. Ankamvetsa chisoni, mwana wa eni ake.

A Telala anavula tepi m'khosi n'kuyamba kuikulunga kudzanja lamanja, monga amachitira kasitomala akamakana kuti wanenepa.

"Ine ndikadali moyo, zisudzo ayi. Ndanena, ndanena."

Koma munthu wobwera kudzakangana akasowa womuyankha mawu amafewa okha.

"Mwanayu ndi mmodzi yekha, mayi. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi ndinamusokera diresi la sewero la kusukulu. Ataimirira pamaso pa anthu ndinalira. Inde, ndinalira, sindibisa. Koma zowomba m'manjazo munthu sadya. Ndikadzapita ine adzamusamala ndani?"

Pamenepo a Telala anayang'ana uku ndi uku, anaona mpando umodzi uli pakati pa siteji, n'kukhalapo. Pansi pake panali kapu ya madzi. Anaitola, n'kumwa onse osafunsa mwini wake.

Belu la mphindi zisanu linalira. Nambala 83 anali asanatsegule pakamwa ngakhale kamodzi. Chaka chonse chija chinathera pomwepo, ndipo ngakhale a Telala zinawakhudza ataona mwana wawo akadali chiweramire. Komabe chimene anadzera chinali chitatheka. Anayamba kuganiza zoti pobwerera amugulire nsalu yabwino, mtima ukhale pansi.

Mayi wamagalasi anavula magalasi ake.

"Nambala 83, munati mukufuna mbali yolemba ndi kutsogolera masewero?"

"Inde, mayi."

"M'sewero limene munatitumizira mwezi watha, pa tsamba lachitatu, munalemba kuti tepi aikulunga kudzanja lamanzere. Akulunga kumanja."

"Pepani, mayi. Kumanzereko anadzibaya ndi singano dzulo."

"Zina zonse zayenda monga munalembera, mpaka madzi omwe. Malo mwapeza." Kenako anatembenukira pa siteji. "Bambo, kwatsala mzere umodzi."

A Telala anayang'ana kapu ili m'manja mwawo, anayang'ana mpando, kenako mwana wawo. Anadzuka pang'onopang'ono.

"Iwe mwana iwe, wandiseweretsa?"

Oyesa atatu aja anachonga limodzi.