Mawu Amene Sanali pa Pepala

Azakhali anali kuphwanya ayezi m'beseni, kukonzekera madzi ozizira okagulitsa masana, pamene kamwana ka mchimwene wawo kanalowa m'khitchini kakutikita m'maso.

Mtsikanayu, wa zaka zinayi, anali atangotha masiku asanu m'nyumbamo. Anabadwira kunja, ndipo pakamwa pake pankatuluka Chifalansa chokhachokha. Mayi ake anamwalira mwezi wathawo, matenda ake oyamba ndi kutentha thupi basi. N'chifukwa chake bambo ake anamata pepala pafiriji. Chaud, kutentha. Tiède, kufunda. Brûlant, kuotcha. Fièvre, kutentha thupi. Mawu omalizawo anawadula mzere kunsi kawiri.

"Akangotchula awa, Achemwali, musadikire. Imbani," anatero popita kuntchito.

Chifalansa cha Azakhali chinkayambira papepalapo n'kutheranso pomwepo. Chimene ankadalira ndi dzanja lawo, lomwe linalera ana atatu. Anapukuta manja pasiketi n'kumugwira mwanayo pamphumi, monga ankachitira kakhumi patsiku.

Mayo ine! Moto weniweni.

Anamugwira pakhosi, chimodzimodzi. Mwanayo anadzidzimuka, anawayang'ana maso ali tong'o, kenaka anambwandira dzanja lawolo n'kulikanikizira pachifuwa pake, akulira mosweka mtima.

"Je te réchauffe, Tata! Je te réchauffe!"

Azakhali anayendetsa chala papepala paja kutsika, kukweranso. Mawu amenewo panalibe. Ngati bambo ake omwe sanayerekeze kuwalemba, ndiye kuti ndi oopsa kuposa onsewa. Ndipo taonani, mwana akuloza pachifuwa! Mlamu wawo uja, mayi a mwanayu, nayenso ankadandaula pachifuwa. Anachita mantha amene sanawamvepo chibadwire. Mwana wamasiye, masiku asanu okha, afere m'manja mwawo? Mchimwene wawo adzamuyang'ana ndi nkhope yanji?

Foni inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso, dzanja linalo mwana atalikakamira osafuna kulisiya.

"Achimwene, bwerani msanga! Thupi lili juu, ndiye akulankhula mawu oti papepala panu palibe!"

"Tamuikani pafoni."

Mwanayo analankhula akusisima, bambo ake akumufunsa pang'onopang'ono.

"Achemwali," anatero mchimwene wawo, "musanamugwire munali kutani?"

"Ndimaphwanya ayezi. Nanga zimenezo n'zofunsa pano?"

"Mwana sakudwala. Manja anuwo ndiwo azizira. Tsiku lomaliza kuchipatala anagwira manja a mayi ake ali ozizira choncho. Akuti akukutenthetsani kuti nanunso musamusiye."