Kulemera kwa Gwirachingwe

Pamzere wa kusikelo, pamsika wa ng'ombe, Gwirachingwe ankapuma mwawefuwefu ngati wakwera phiri, chonsecho anangoyenda kuchokera pachipata. Mabatani a malaya ake anali atasudzulana ndi mabowo awo kalekale. Kumbuyo kwake kunkabwera ng'ombe yake yamphongo, yomaliza m'khola, ndipo kumpanda kunaima mkazi wake, manja ali m'chiuno.

Mayiyu anali atanena mosapsatira. Watopa kugona ndi mabeseni pabedi mvula ikamagwa. Chaka chino bambo alemere, denga likhale la malata atsopano, apo ayi iye anyamula ana n'kubwerera kwawo. Gwirachingwe ankamukonda mkaziyo koopsa, ndipo mawuwo anamulowa mpaka m'mafupa.

Mwayi wake, anali ndi chinsinsi. Chaka chatha kang'ombe kake kakakazi, konenepa bwino koma kakafupi, kanakana kukwera pasikelo. Iye anakakoka mpaka onse awiri anapezeka ataima pachitsulopo. Woyeza, yemwe amakhala m'kanyumba n'kumangoyang'ana muvi wa sikelo, anatchula makilogalamu mazana anayi, kulemera kwa ng'ombe yaikulu ndithu. Wabutchala analipira osanyinyirika. Pobwerera kunyumba, Gwirachingwe anazindikira zimene alimi anzake sankazidziwa: munthu ukhoza kudzigulitsa pamodzi ndi ng'ombe yako, madzulo n'kukagona kwanu.

Zotsalazo zinali masamu chabe. Ng'ombe ukaipatsa chakudya, theka limatulukira kumbuyo. Munthu sataya zambiri choncho, komanso sachedwa kunona. Ndiye bwanji kuvutika n'kunenepetsa nyama, mwini wake alipo?

Kuyambira pamenepo ndalama ya madeya inasintha njira, inayamba kulowera kubutchala. Nyama inali itakwera mtengo moti anthu ankangoipatsa moni podutsa. Wabutchala ankati si iye wolakwa: ng'ombe imachoka kwa mlimi yotchipa, koma venda anyambitepo, wa lole anyambitepo, a kophera ng'ombe anyambitepo, a magetsi a firiji nawonso, ikamafika pambedza yasanduka mankhwala. Gwirachingwe ankangogwedeza mutu mwachifundo n'kuloza nyama ya mafuta. Mumtima ankaseka. Munthuyu ankamugulitsa mafuta omwe adzawagulenso yekha pasikelo.

Mkazi wake atafunsa kuti ng'ombe ikudya chiyani masiku ano, iye anayankha kuti msipu ndi waulere, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha.

"Munati ndilemere, mayi. Tayesani kundinyamula muone."

Mayiyo sanaseke. Mpando wa pakhonde unathyoka, njinga inapindika, adokotala anamuopseza za mtima, koma bamboyo anapirira zonsezo ngati mwamuna woganizira banja lake.

Tsopano nthawi yake inakwana. Anauza anyamata a pamsika kuti ng'ombe yake ndi yamanyazi, siikwera popanda mwini wake. Anaponda pachitsulo, chitsulo chinalira, mtima wake unadumpha ndi chimwemwe. Anakoka chingwe, ng'ombe inakwera mosavuta, poti inalibenso mphamvu zokanira. Wabutchala ankaizungulira mwakachetechete, akuitsina pamsana ndi pantchafu. Gwirachingwe anakokera mpweya wambiri m'chifuwa, kuti nawonso uwerengedwe.

Pomwepo munthu wina anadutsa atasenza mtolo wa udzu. Ng'ombe ija, yomwe inali isanaone chakudya chochuluka choncho kwa miyezi, inavula chingwe n'kutsika, ulendo kulondola mtolowo. Pasikelo panatsala Gwirachingwe yekha, chingwe chili lende m'manja.

"Mazana anayi," anatero woyeza, osadzutsa n'komwe mutu.

Msika wonse unafa nacho chiseko. Gwirachingwe anachita manyazi, koma pansi pa manyaziwo panali kunyada pang'ono. Mazana anayi, yekha? Ndiye akabwezapo ng'ombe zikhala bwanji? Anayang'ana kumpanda kuti mkazi wake aone ntchito ya manja ake, kenako anapempha woyeza kuti adikire kaye, katundu wina wathawa.

Woyeza anasuzumira pawindo, akutokosa m'mano.

"Musadzivutitse, achimwene. Muviwu unagwira dzimbiri kalekale, ngakhale mutaikapo nkhuku umanena zomwezo. Timangotchula kuti eni ng'ombe asangalale. Mtengo amadula ndi abwana a butchalawa, ndi maso."

Wabutchala anali ataima kale pafupi ndi mtolo wa udzu, chala chikuyenda pang'onopang'ono panthiti za ng'ombe ija, imodziimodzi, ndipo palibe nthiti yomwe inabisala. Kumpanda kuja kunalibenso munthu.